Sananene Kuti Lowani

Mwezi uno pakwana chaka chimwalirireni apongozi anga aamuna, bambo Chikafa. Abale atagwirizana kuti pa mapemphero a chikumbutso pakhale mawu olembedwa, amuna anga a Fatsani anati ndilembe ine, popeza ndine amene ndinkaswera nawo pakhomo ku Walsall, kuno ku Mangalande, ena onse ali ku mashifiti. Poyamba ndinakana. Kwathu ku Ntcheu mtengwa safotokoza za apongozi ake aamuna; akawaona akubwera amapatuka panjira. Koma apongozi aakazi, amene muno ndizingowatchula kuti mayi, anati, "Lemba. Ukasiya iwe, alankhula aja amene amangodziwa chinthu chimodzi."

Chinthu chimodzicho n'chakuti mayi wina wokalamba ku Karonga anafunsa bambo ngati angalowe m'nyumba yake pambuyo pa zivomezi, iwo n'kukana kunena kuti lowani, ndipo mayiyo anadwalira panja mpaka kumwalira. Zimenezi n'zoona ndipo sindizizemba. Koma ndiyambe ndi chipilala.

Ndinafika ku Walsall mu 2004, ndisanakwereko ngakhale basi ya ku Blantyre ndekha. Chinthu choyamba chimene bambo anandionetsa sichinali chipinda chogona. Ananditsogolera kuseri kwa nyumba, ku kabwalo ka udzu, kumene kunali chipilala cha simenti chofika m'chifuwa, pamwamba pake pali chinthu choyera chonga bakuli lovundikira. Ine ndinagwada pa udzu wonyowawo kudikira mwambo wa apongozi. Mwambo wake unali wakuti m'nyumba ndikhoza kugwira chilichonse, koma ichi ndisachitsamire, ndisayanikepo kanthu, ndisachipukute ngakhale chitada bwanji. Kenako anati, "Dzukani, aNambewe, kuno pansi sipauma." Kwa milungu ingapo ndinkachilambalala chipilalacho, poganiza kuti Azungu nawonso ali ndi njira yawo yotsirikira nyumba.

Anandifotokozera pang'onopang'ono, iwo ali pa tebulo, ine nditaima pakhomo la khitchini, chifukwa kukhala nawo pa tebulo limodzi sindinakuzolowere mpaka imfa yawo. Bakuli lija ndi antena. Imamvetsera masetilaiti a GPS usana ndi usiku n'kumalemba pamene yaima. Ya m'galimoto imauza munthu msewu chifukwa galimotoyo ndi imene ikuyenda. Iyi imakhala malo amodzi zaka ndi zaka, kuti ikapezeka yasuntha tidziwe kuti imene yasuntha ndi nthaka. Pansi pa Walsall ndi matauni oyandikana nawo pali migodi yakale ya malasha ndi ya miyala ya laimu, yosiyidwa kalekale. Pena nthaka imatitimira, pena imatukuka madzi akadzaza m'migodimo. Anthu a ku yunivesite ina anamanga zipilala zotere zambiri moyandikana, pa masukulu ndi pa mabwalo a mafakitale, ndipo chimodzi bambo anachita kuchipempha kuti chikhale pakhomo pawo. Ntchito yawo inali kuziyendera pa basi ndi chikwama cha zitsulo, kuona mawaya, kusintha mabatire, kuchotsa zitosi za nkhunda ndi sinowo, chipale chofewa cha m'nyengo yozizira. Masiku otsala a sabata ankanyamula makatoni ku weyahausi, nyumba yosungiramo katundu.

Kumudzi bambo anali asaveya a boma, oyeza malo. Akadali ndi mphamvu ankakwera mapiri ndi ofufuza ochokera kunja. Ankaboola thanthwe, kukhomamo kachitsulo ka mkuwa, kuimikapo makina kwa masiku angapo, n'kuchoka, kuti adzabwerenso patapita zaka kudzayeza pomwepo. Nthawi zambiri pobwerera ankapeza dzenje. Anthu anali atakumba kachitsulo kaja poganiza kuti pansi pake pali chuma. Nkhani imeneyi ankaikonda, koma sankawatukwana okumbawo. Ankati alendo akabwera m'mudzi mwako, n'kuboola mwala, n'kuulondera ngati mwana wodwala, kenako n'kuchoka osakuuza kanthu, iwe ungaganize chiyani? Mlandu ankauika pa iwo eni, kuti ankafulumira kutsika phiri.

Kuno anabwera potsatira mayi, amene anapeza ntchito ya unesi. Azibambo a ku tchalitchi chathu ku Handsworth ankawaseka kuti ndi mkamwini wa ku Mangalande, wobwera pa mapepala a akazi awo. Iwo ankavomera, n'kunena kuti mkamwini wabwino amayamba wadziwa nthaka ya kwa eni.

Chimene ankabwereza kwambiri n'chakuti chipilala chimodzi chili ngati mboni imodzi pa mlandu: ikhoza kunena zoona, ikhoza kunama, ndipo palibe woitsutsa. Koma zikakhala zambiri moyandikana, chimodzi chikanama zinzake zimachigwira. Ine ndinamvetsa zimenezi chifukwa cha mabulangete. Chilimwe china chingwe choyanikira chinaduka, ndipo mayi, atatopa ndi shifiti, anamanga chatsopano kuchokera pa mpanda kukafika pa khosi la chipilala. Bambo anali atapita ku msonkhano wa ntchito kwa masiku angapo. Tinachapa mabulangete onse a m'nyumba, mpaka makatani. Bambo atabwera anaima pakhomo la kuseri chikwama chili m'manja, n'kuitana mayi.

"ANaphiri, mwasuntha Walsall."

"Ndasuntha chiyani?"

"Ku ofesi andiimbira. Akuti nyumba yathu yokha ikupita kwa aneba, anzathu onse ali chiimire."

"Muwauze kuti mabulangete akauma ibwerera."

Anakwiya zenizeni. Tsiku limenelo sanadye ndi anthu. Mayi nawonso sanapepese. Anati m'kabwalo konseko malo amene dzuwa limafika bwino ndi amodzi, ndipo anapatsidwa kwa bakuli. Koma m'mawa mwake ndinawapeza bambo akumwetulira okha pa kompyuta. Anandiitana kuti ndione. Mzere wa chipilala chathu unali utakhota, mizere ya zipilala zoyandikana nacho ili chiwongokere. Anati chikanakhala chokha, anthu ophunzira akanalemba kuti mgodi ukugumuka pansi pathu, pomwe anali mabulangete a aNaphiri.

Sindifuna kuwajambula ngati munthu wofewa, chifukwa amene ankawadziwa angandigwire bodza. Bambo sankanena chinthu chimene sakuchidziwa, ngakhale pofuna kutonthoza munthu. Ukawafunsa ngati kugwe mvula ankati mwina. Mapepala a amuna anga okhalira m'dziko muno atachedwa, tchalitchi chonse chinkati zitheka, musadandaule. Bambo awo owabereka anati sitikudziwa, tikonzeke mbali zonse ziwiri. Mapepalawo anatuluka, koma a Fatsani mpaka lero akaikumbukira nkhaniyo amasintha nkhope. Mlaliki wina wodzacheza atalosera kuti chaka chimenecho palibe wa mu mpingo amene adzaike maliro, anthu onse anaimirira ndi ameni, bambo anakhala chikhalire akuyang'ana nsapato zawo. Mayi anawatsina. Potuluka anauza abusa, mwaulemu ndithu, kuti mu mpingo wa manesi munthu azisamala polonjeza zoterozo.

Komabe anali ndi chifundo chawo. Mwana wanga woyamba atabadwa wosakwana masiku, sananene kuti achira. Ankangobwera ku chipatala tsiku lililonse pochokera ku zipilala, n'kukhala pa mpando wa m'khonde, chikwama pamiyendo, mpaka nthawi yoona odwala itatha. Sankalowa n'komwe. Anamwino a Chizungu ankaganiza kuti ndi wokonza magetsi.

Madzulo ena ankatsegula mapu pa kompyuta. Dera lathu lino linkaoneka lodzaza timadontho, kalikonse ndi kamuvi kake kosonyeza kumene nthaka ikulowera. Kenako ankakoka mapuwo mpaka afike kwathu. Kumeneko kunali mbee. Kadontho kamodzi apa, kena kutali m'dziko loyandikana nalo. Ankati dziko lathu lakhala pamene nthaka ikung'ambika, mbali ina kukokera uku ina uko, pang'onopang'ono kwambiri, mwina osafika ndi utali wa njere ya mpunga pa chaka. Ankalakalaka zipilala zitandandalika kuchokera ku Karonga mpaka ku Nsanje. Koma nthawi zonse ankawonjezera kuti ngakhale zitatero, tsiku la chivomezi palibe angalidziwe. Chimene chingadziwike ndi malo amene mphamvu ikuunjikana, kuti anthu kumeneko amange mosamala. Akatero ankatseka kompyutayo mwakachetechete, ngati munthu wotseka chitseko cha chipinda mmene mwagona wodwala.

Mbiri yawo ku tchalitchi inayamba ine ndisanabwere, pa chivomezi chimene chinagwedeza tauni yapafupi ya Dudley. Akuti Lamlungu lake anthu anawazungulira, iwo n'kufotokoza bwinobwino ndi mbale ziwiri za tiyi. Kuyambira pamenepo anatchuka kuti ndi bambo amene amamva nthaka. Ankakana dzinali. Ankati iwo samva kanthu, amangoyeza zimene zachitika kale. Koma dzina likakumata silimva kukana, ndipo linayenda pa foni mpaka kumudzi.

Amene analifikitsa ku Karonga anali a Tumpale, nesi wa ku chipatala cha ku Bordesley Green. Anafika m'dziko muno ali mtsikana, opanda m'bale, ndipo mayi anawatenga ngati mwana wawo. Pa ukwati wawo bambo ndi amene anaima m'malo mwa bambo awo omwalira. Ankawatchula kuti adada, monga amachitira kwawo kumpoto. Ndi mashifiti a usiku anamangira mayi awo nyumba ya njerwa zowotcha ndi malata, m'mudzi wa alimi a mpunga, ndipo chithunzi chake chinkayenda m'chikwama chawo. Akaimba foni kumudzi ankawauza mayi awowo za adada a ku Walsall ndi chipilala chawo.

Linali Lamlungu la pambuyo pa Khirisimasi ya 2009. Mwezi umenewo nthaka ku Karonga inali itagwedezeka kambirimbiri, nyumba zambiri zitagwa, ndipo mvula inali itayamba. A Tumpale anafika masana, yunifomu ili mkati mwa jekete, osagona chichokereni ku ntchito. Tiyi amene ndinawapatsa anamukana. Anapita pamene panakhala bambo n'kugwada pa kapeti, chinthu chimene sankachita.

"Adada, amama ali panja. Khoma la kuchipinda lang'aluka, koma nyumba ili chiimire. Akugona pansi pa mtengo wa mango, pulasitiki pamwamba, ndipo ayamba kutsokomola. Abusa awauza kuti alowe, alongo anga awauza, sakumva. Akuti funsa mkulu wako uja amamva nthaka. Akati lowani, ndilowa."

Bambo anafunsa za mng'aluwo, ngati ukuyenda choimirira kapena chopingasa, ngati dzanja likulowamo, ngati njerwazo anamangira simenti kapena dothi. Anali atamangira dothi. Kenako anatsegula kompyuta n'kuwaonetsa mapu aja, kuno kodzaza, kwathu kopanda kanthu.

"Taonani, mwana wanga. Apa ndi pano. Apa ndi kwanu. Palibe chimene ndikuona. Ndipo ngakhale pakanadzaza, tsiku sindikanalidziwa."

"Sindikufunsa kompyuta, adada. Ndikufunsa inuyo."

"Ndine amene ndikukuyankhani."

Mayi anatulukira kuchokera ku khitchini akupukuta m'manja. "Bambo a Fatsani, tamverani nesi. Chivomezi mwina chibwera, mwina ayi. Koma mvula ikugwa lero. Chifuwa cha nkhalamba ine ndimachidziwa, sichidikira masetilaiti anuwo."

"Mukunena zoona, aNaphiri."

"Ndiye nenani."

"Ndikanena, khoma lija n'kuwagwera ali m'tulo, mudzati wawapha ndani?"

"Nanga chibayo chikawatenga tidzati ndani?"

Bambo anayamba kutchula njira zina: amange chisakasa cholimba cha mitengo ndi malata kutali ndi khoma, atulutse bedi kuti asagone pansi, apeze mmisiri wodziwa adzaone mng'aluwo. A Tumpale anati chisakasa chilipo koma chikudontha, malata sakupezeka, amisiri onse akuthamangira nyumba zimene zagwa. Ndipo amama sakufuna zimenezo. Akufuna mawu amodzi.

A Tumpale anakanda khadi yoimbira kumudzi, n'kuimbira mlongo wawo, amene anathamanga nayo foni kukapereka kwa mayiwo. Anaiika pa tebulo kuti tonse tizimva. Tinkamva mvula ikumenya pulasitiki. Mayiwo ankalankhula Chingonde, a Tumpale n'kumamasulira. Anayamba ndi moni wautali, kufunsa za mayi, za ana, za kuzizira kwa kuno, akutsokomola pakati pa mawu. Kenako a Tumpale anakweza maso.

"Akuti alowe?"

Bambo anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri. "Muwauze kuti sindikudziwa ngati nthaka yatha kugwedezeka. Muwauze kuti khomalo sindinalione. Sindikunena kuti asalowe. Koma kunena kuti lowani sindingathe."

A Tumpale anatiyang'ana mmodzimmodzi. Panalibe wa ife womva Chingonde. Akanatha kunena chilichonse m'fonimo, ife osadziwa. Ndinaona mayi akuwagwedezera mutu pang'ono, ngati kuwauza kuti nenani zimene mwabwerera. A Tumpale anaweramira pa foni n'kulankhula. Mayi awo anaseka kaseko kakafupi, n'kuyankha.

"Akuti zikomo," anatero a Tumpale. "Akuti ngati mwini makina sakudziwa, iwo ndi ndani kuti adziwe. Akhala panja."

Anatenga foni yawo, kuvala jekete, n'kutuluka osatsanzika. Mayi anawatsatira mpaka pa siteji ya basi. Bambo anakhala pa tebulo paja mapu ali chitsegukire mpaka kompyuta inazima yokha.

Mayi a ku Karonga aja anamwalira ndi chibayo kumapeto kwa Januwale. Anawatengera ku chipatala mochedwa. Chivomezi china chogwetsa nyumba sichinabwerenso m'masabata amenewo. A Tumpale sakanatha kufika kwawo maliro asanaikidwe, choncho tinasonkhana kunyumba kwawo ku Handsworth monga timachitira kuno, azibambo pabalaza, azimayi m'khitchini ndi pa masitepe, nyimbo zikuimbidwa motsitsa chifukwa cha aneba. Mayi anawauza bambo kuti atsale kunyumba. Iwo anavala suti yawo yakuda n'kunena kuti siwa ya mwana wako suzemba.

Bambo atafika pamene anakhala a Tumpale, anawerama kuti apepese. A Tumpale anawapatsa dzanja, koma sanalibweze msanga.

"Adada, mukudziwa kumene agona amama? M'nyumba muja. Mwambo sulola maliro kugona pansi pa mango. Azimayi adzaza pabalaza, adzaza ndi kuchipinda kuja kuli mng'alu. Achezera kuimba momwemo. Sinagwe, adada. Ili chiimire."

Nyimbo inali itaduka. Bambo anati, "Pepani, mwana wanga." Kumbuyo kwanga pa masitepe mayi wina ananong'ona kuti masukulu enawa amangoumitsa mtima. Bambo anakakhala pakona pa azibambo mpaka mapemphero anatha. Anali wamkulu kuposa onse m'nyumbamo, koma nthawi ya mawu a akuluakulu itakwana palibe amene anawapempha kuti alankhule.

Pambuyo pake anapitiriza kuyendera zipilala zawo. Ku tchalitchi anasamukira ku mpando wa kumbuyo. Sananenepo kuti analakwa, ndipo zimenezi n'zimene zinkawapweteka mayi. Ndinawamva kangapo akukangana motsitsa mawu. Mayi ankati iwo pa ntchito amauza odwala tsiku lililonse kuti mupeza bwino, ena mwa iwo akudziwa kuti sadzuka, ndipo Mulungu sanawalangepo. Bambo ankati wodwala akamva zimenezo sasintha pogona, koma mayi aja akanakagona pansi pa khoma chifukwa cha mawu awo. Mayi ankati ndiye agona pansi pa dothi chifukwa cha kusowa kwa mawu awo. Zikafika pamenepo wina ankatuluka.

Bambo anayamba kuonda. Mapu aja anasiya kutionetsa. Tsiku lina ndikuyanika zovala pa chingwe cha kumpanda, anabwera n'kuima pafupi ndi chipilala, osachigwira. Sankakonda kundiyamba nkhani tili awiri, podziwa kuti ndimachita manyazi.

"ANambewe, kwanu kumudzi mkulu akafunsidwa funso ngati lija amayankha bwanji?"

Ndinafuna kupeza yankho lowasangalatsa, koma anali munthu amene bodza ankalimva fungo. Ndinati, "Amati lowani, Mulungu alipo."

"Nanga khoma likagwa?"

"Amati inali nthawi yawo."

Anagwedeza mutu. "Ndiye kuti kwanu mkulu sangalakwe." Kenako anati njira imeneyo iwo anaitaya pa phiri linalake, sakudziwa kuti ndi liti. Anati atafunsidwanso angayankhe chimodzimodzi. Chimene chinkawasowetsa tulo sichinali yankholo, koma kuti analibe poyang'ana. Pakanakhala zipilala zokwanira kumeneko, akanaona mbali imene nthaka yathyoka, ndi ngati mudzi wa mayi aja uli pamwamba pake kapena kutali. Anati mwina akanayankhabe kuti mwina, koma akanakhala mwina wokhala ndi kanthu mkati. Kenako anandiuza kuti malaya a Fatsani agwa pansi, n'kulowa m'nyumba.

Tsiku lina bambo anagwa pa siteji ya basi akuchokera ku chipilala china, chikwama chili paphewa. Madokotala anati ndi sitiroko. Anakhala m'chipatala masiku ochepa osalankhula, ndipo thupi lawo tinalitumiza kwawo ku Ntcheu.

Pa siwa yawo a Tumpale anabwera, ngakhale kuti chichokereni tsiku la foni lija anali asanapondenso pakhomo pathu. Anamanga chitenje n'kulowa m'khitchini, kuphika ndi kutsuka mbale osalankhula ndi munthu. Anthu atayamba kuchepa anandipeza kuseri ndikutaya madzi. Anayang'ana chipilala kwa nthawi.

"Iwe unkakhala nawo. Anayamba anenapo kuti analakwa?"

Ndinaganiza zowauza kuti inde, kuti mtima wawo ukhale pansi. Pakamwa panga panakana. Ndinati, "Ayi, asisi. Ankati angayankhe chimodzimodzi."

Ndinkayembekezera kuti akwiya. Anapumira m'mwamba n'kukhala pa sitepe.

"Bola," anatero. "Akanati analakwa, ndiye kuti amama anafera zopanda pake." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ukudziwa, foni ija inali m'manja mwanga. Chingonde ndimachidziwa ndine ndekha. Nanenso sindinanene."

Mpaka lero sindikudziwa amene ankanena zoona pakati pa bambo ndi mayi. Nyumba ya ku Karonga ija akuti ikadalipo. Mlongo wawo wa a Tumpale anamata mng'aluwo ndi simenti ndipo akukhalamo ndi banja lake.

Patapita miyezi ingapo anthu a ku yunivesite anabwera ndi galimoto. Anapepesa maliro, n'kunena kuti popeza palibenso woyang'anira, antena aichotsa. Anamasula bakuli lija, kukulunga waya, kunyamula bokosi la makina ake limene linkakhala pansi pa masitepe. Chipilala chenichenicho anachisiya, chifukwa chitsulo chake chinapita pansi kwambiri moti sangachizule popanda kugumula kabwalo konse. A Fatsani anatsegula mapu aja kamodzi. Timadontho tonse tilipo ndi timivi take, koma mbali yathu ya Walsall pali kampata, kooneka kwa munthu yekhayo amene akudziwa poyang'ana.

Chipilalacho chilipo. Pamwamba pake patsala mabawuti a dzimbiri ndi kabowo kamene mumadikha madzi a mvula. Kanjira kamene mapazi awo anapanga pa udzu kakutsekeka. Nkhunda zimaterapo, palibe wozithamangitsa. Mwana wanga wamkulu anafunsa agogo ake m'Chingerezi chifukwa chimene amamuletsabe kutsamirapo pomwe palibenso kanthu, ndipo mayi anangomuuza kuti akasewere kwina. Malo amenewo ndi okhawo m'kabwalo konse amene kumwamba kumaoneka kopanda chotchinga, ndipo dzuwa likatuluka limayambira pomwepo. Chingwe cha mayi chikadali chomangidwa kumpanda, mu mthunzi wa nyumba ya aneba, kumene mabulangete amachedwa kuuma.